Payiloti wa ku America amalandira $250,000 kapena $219,000? Nambala zonsezi n'zoona

Mphwanga wina amene wangomaliza Fomu 4 ananditumizira chithunzi pa WhatsApp usiku, cholemba kuti payiloti wa ku America amalandira $250,000 pa chaka, pansi pake n'kuwonjezera yekha kuti "amalume, ine basi ndapeza ntchito yanga". M'mawa mwake anatumizanso china chonena $219,000, ndiye akufunsa kuti wabodza ndi uti pamenepa. Ndinamuyankha kuti palibe wabodza, ndipo chodabwitsa nambala ziwirizi zachokera ofesi imodzi, chaka chimodzi, powerenga anthu omwewo. Sanakhutire. Ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino, chifukwa msampha umenewu sugwira ana a sukulu okha ayi, akuluakulu ovala mataye amagweramonso.

Ofesi yake ndi Bureau of Labor Statistics, achidule amati BLS, nthambi ya boma la America imene ntchito yake ndi kuwerengera za ntchito ndi malipiro. Pa ziwerengero zawo za May 2023, gulu limene amalitchula kuti airline pilots, copilots and flight engineers, anthu opitirira 90,000, linali ndi mean ya $250,050 pa chaka ndipo median inali $219,140. Kusiyana kwake ndi pafupifupi $31,000, ndalama zoti munthu utha kumangira nyumba, koma zasowa pakati pa mawu awiri okha a masamu.

Mean ndi ija tonse timaidziwa kuti avereji, kuphatikiza zonse n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu. Median ndi ina, mumawaimika anthu pamzere kuyambira wolandira zochepetsetsa mpaka wolandira zambiri, kenako n'kuloza amene waima pakatikati penipeni, theka lili kumbuyo kwake theka lili kutsogolo, malipiro a iyeyo ndiye median. Tiyerekeze ndi chimanga kuti zimveke. Pamudzi pali makomo asanu, lina lakolola matumba 8, lina 10, lina 12, lina 15, ndiye pali bwana wina wa esiteti amene wakolola 455. Onse pamodzi ndi matumba 500, kugawa ndi 5, avereji ndi matumba 100 pakhomo lililonse. Wina atalemba lipoti lotere mungati mudziwu ndi wa mwanaalirenji, chonsecho makomo anayi aja pofika Januwale ali pa ganyu. Median pamenepa ndi 12, khomo lachitatu pamzere, ndipo ndi imene ikufanana ndi zimene mungaone mutalowa m'mudzimo n'kusuzumira m'nkhokwe. Avereji ija sinaname, matumba 500 alipodi, kungoti imakokedwa ndi munthu mmodzi wa kumapeto, pamene median bwana uja akolole 455 kaya 4,000 siisuntha.

Tsono kwa mapayiloti n'chimodzimodzi. Tengani asanu ndi awiri ongoyerekeza, olandira $70,000, $90,000, $110,000, $200,000, $300,000, $430,000 ndi $550,000. Kuphatikiza ndi $1,750,000, kugawa ndi 7 ikutuluka $250,000 ndendende, koma wapakati, wachinayi, ali pa $200,000, ndipo onani bwino, palibe ngakhale mmodzi mwa asanu ndi awiriwa amene amalandira $250,000 imeneyo. Wapamwamba uja akakwezedwa kufika $900,000 avereji ilumpha kufika $300,000, nyuzi zilemba kuti mapayiloti aphula, koma asanu ndi mmodzi enawo m'thumba mwawo simunalowe ngakhale senti. Ndiye mukaona mean yaposa median, dziwani kuti kumtunda kuli kagulu kolandira zambiri zedi kamene kakukoka nambalayo. Sizachilendo, malipiro ambiri padziko amakhala choncho chifukwa pansi pali polekezera koma kumwamba kulibe denga. Ngakhale antchito onse a ku America pamodzi, chaka chomwecho cha 2023, median inali $48,060 pamene mean inali $65,470.

Mpaka apa ndi masamu a kusekondale basi. Chimene ine chimandisangalatsa ndi chakuti pa ntchito ya upayiloti ngakhale median yeniyeniyo, imene timaitama kuti ndi yachilungamo, imatha kukusocheretsa, chifukwa cha mmene ntchitoyi inapangidwira.

Payiloti wa kampani za ndege ku America salipidwa pa mwezi ngati mphunzitsi, amalipidwa pa ola, ndipo si ola lililonse limene ali pa ntchito, kwenikweni ndi kuyambira pamene ndege yachoka pa geti mpaka yaima pa geti ya kumene ikupita. Nthawi yoyendera ndege kuona matayala, yowerenga za nyengo, yodikira pa eyapoti chifukwa ndege yachedwa, yogona ku hotela kutali ndi ana, zambiri mwa zimenezi sizilowa mwachindunji mu maola aja, pali timalamulo tina ta mu kontirakiti totetezako ndi kandalama kochepa ka chakudya koma mtima wa malipiro ndi maola owuluka. Komanso malamulo a FAA, nthambi ya boma la America yoyang'anira za ndege, salola kuti munthu awuluke kupitirira maola 100 pa masiku 28 kapena 1,000 pa chaka. Ndiye mukamva zoti first officer, wachiwiri kwa kaputeni wa ndege, akulandira $90 pa ola musachulukitse ndi maola 2,080 ngati munthu wa muofesi wogwira maola 40 pa sabata, mupeza $187,200 imene kulibe. Makampani ambiri amalonjeza maola a pakati pa 70 ndi 75 pa mwezi, ndiye $90 kuchulukitsa ndi 75 kenako ndi miyezi 12 ndi $81,000. N'chifukwa chake BLS pa mapayiloti salemba n'komwe malipiro a pa ola, amangopereka a pa chaka, akudziwa kuti anthu asokonezeka.

Nanga mtengo wa ola lako amauona bwanji? Zinthu zitatu, mpando umene wakhala, kukula kwa ndege, ndi zaka zimene wakhala pa kampaniyo. Kaputeni amakhala kumanzere, first officer kumanja, onse amayendetsa mosinthana koma malipiro ndi osiyana kutalitali. Ndege yaikulu yowoloka nyanja ngati Airbus A350 kapena Boeing 777 imalipira kuposa Boeing 737, ndipo 737 imaposa tindege ta mipando 50 kapena 76 ta makampani ang'onoang'ono amene amawatcha ma regional. Kaputeni wa zaka zambiri pa ndege yaikulu ku Delta kapena United amapitirira $400 pa ola, imeneyo pa maola 75 omwe aja ndi $360,000 asanawonjezere kalikonse, ndipo ambiri amawonjezera.

Koma chinsinsi chenicheni chili pa liwu limodzi limene payiloti aliyense wa kumeneko amalitchula ngati pemphero, seniority. Tsiku limene walembedwa ntchito umapatsidwa nambala pamndandanda, ndipo nambala imeneyo ndi imene imalamula chilichonse, ndege imene uyendetse, liti ukhale kaputeni, mzinda umene ukhale, ngati Khrisimasi udyera kunyumba kapena ku hotela, ndiponso zinthu zikavuta ndani ayambe kupita kunyumba. Luso lako likhale lotani, sungadumphe munthu amene analembedwa sabata imodzi iwe usanabwere. Zili ngati mzere wa pachigayo, wafika mochedwa udikira basi olo thumba lako likhale laling'ono. Ndipo choopsa n'chakuti nambalayi siyenda nawe. Ukachoka kampani ina kupita ina, kapena kampani yako ikagwa ngati mmene inagwera Pan Am mu 1991, umakayambira pansi penipeni, kaputeni wa zaka 20 n'kukhala first officer wa chaka choyamba, pa malipiro a chaka choyamba, akulamulidwa ndi mwana amene anabadwa iye akuwuluka kale.

Apa ndiye mukuona vuto la median. $219,140 ija si malipiro a "payiloti wamba" ngati kuti pali munthu wotero amene mungakumane naye, ndi malo amodzi chabe pa makwerero aatali kwambiri. Pansi pali gulu lalikulu la achinyamata a ku ma regional, pamwamba pali gulu lina lalikulu la akuluakulu a ku Delta, United, American, Southwest ndi onyamula katundu ngati FedEx ndi UPS, ndipo munthu amadutsa pa nambala yapakatiyo ali paulendo wokwera, mwina patatha zaka zambiri chiyambireni. Funso la mphwanga lija silinali lakuti wapakati amalandira zingati, iye amafuna kudziwa kuti iyeyo adzalandira zingati, ndipo yankho la limenelo lili pa sitepe yoyamba ya makwerero, osati pakati.

Sitepe yoyambayo kale inali yomvetsa chisoni. Pa 12 February 2009 ndege ya Colgan Air, Flight 3407, inagwera pa nyumba pafupi ndi Buffalo m'chigawo cha New York, anthu 50 anafa, 49 a m'ndege ndi mmodzi wa m'nyumbamo. Pofufuza zinadziwika kuti first officer wa ndegeyo ankalandira ndalama zosapitirira kwenikweni $16,000 pa chaka, ankakhala kufupi ndi Seattle, mbali ina ya dziko, ndipo anayenda usiku wonse pa ndege za katundu kuti akayambe ntchito ku Newark. Anthu a ku America anadzidzimuka, chifukwa m'mutu mwawo payiloti anali munthu wolemera, avereji imawauza choncho. Ngoziyi ndi imene inabala lamulo la 2010 limene linayamba kugwira ntchito mu 2013, lakuti first officer naye akhale ndi laisensi ya ATP, laisensi yapamwamba ya mapayiloti, imene kwa ambiri imafuna maola 1,500 owuluka, pamene kale maola 250 ankakwanira kupeza laisensi yolembedwera ntchito. Lamuloli anthu amakanganabe ngati linathandizadi chitetezo, poti mapayiloti awiri a ndege ija onse anali ndi maola opitirira 1,500, koma pa nkhani ya malipiro linachepetsa anthu oyenera kulembedwa, ndiye mtengo wawo unayamba kukwera.

Kenako kunabwera Covid. Mu 2020 ndege zinaima, makampani anakopa akuluakulu ambiri kuti apume msanga, ndiye anthu atayambanso kuyenda mwamphamvu mu 2021 ndi 2022 kunapezeka kuti oyendetsa akuchepa. Makampani akuluakulu anayamba kukokolola mapayiloti a ku ma regional, ma regional n'kutsala ndi ndege zopanda makaputeni. Mu June 2022 Envoy ndi Piedmont, ana a American Airlines, anakweza malipiro a first officer wa chaka choyamba kufika $90 pa ola, ija ndawerengera pamwambapa. Mu March 2023 mapayiloti a Delta kudzera mu bungwe lawo la ALPA anavomereza kontirakiti yokweza malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, 18 peresenti nthawi yomweyo, ndipo American ndi United anatsatira chaka chomwecho. Ndiye onani mmene median yayendera, mu May 2019 inali $147,220, mu 2022 inali $211,790, mu 2023 $219,140. Munthu akakupatsani nambala ya malipiro a payiloti osatchula chaka, ameneyo sanakuuzeni kanthu.

Komabe ngakhale kulumpha kumeneku musakutenge konse ngati kukwezedwa kwa malipiro. Kafukufuku wa BLS amafunsa olemba ntchito, osati antchito, ndipo nambala ya chaka chimodzi imapangidwa ndi mayankho a zaka zitatu, otoleredwa kawiri pa chaka, ndiye nthawi zonse imatsalira m'mbuyo pang'ono zinthu zikamasintha mofulumira. Kuwonjezera apo kuyambira ziwerengero za May 2021 anasintha njira yowerengetsera, ndipo eni akewo amachenjeza kuti kuyerekeza chaka ndi chaka ndi nambala zimenezi kumafuna kusamala. Palinso china chimene anthu saganizira, median imatha kusuntha popanda aliyense kukwezedwa. Kampani ikachotsa achinyamata a pansi pa mndandanda nthawi ya mavuto, otsala ndi olandira zambiri, median imakwera, chonsecho anthu ali kunyumba akulira. Ikalemba achinyamata ambiri nthawi ya bwino median imatha kutsika. Amene wachotsedwa ntchito sawerengedwa ngati wolandira ziro, amangosowa pa mndandanda basi.

Ndipo kuchotsedwa kumeneku si nthano. Pambuyo pa 11 September 2001 mapayiloti masauzande anaimitsidwa ntchito, ena kwa zaka. United inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2002, Delta ndi Northwest tsiku limodzi mu September 2005, American mu 2011, malipiro anadulidwa kwambiri ndipo ku United penshoni ya mapayiloti inathetsedwa n'kuperekedwa ku bungwe la boma limene limalipira zochepa kuposa zimene analonjezedwa. Anthu amene analowa ntchito chakumapeto kwa ma 1990 amazitcha zaka zimenezo kuti lost decade, zaka khumi zotayika, munthu kukhala mpando wa kumanja osasuntha. Awiri ofanana nzeru, wina analembedwa 2000 wina 2014, moyo wawo wa ndalama ndi wosiyana ngati usiku ndi usana, ndipo palibe mean kapena median imene ingakuonetseni zimenezo.

Kumtunda nako kuli chifunga chake. Pa ziwerengero za 2023 zomwezi BLS ikafika pa malipiro a $239,200 pa chaka imasiya kutchula nambala yeniyeni, imangoika kachizindikiro kotanthauza kuti apa ndi pamenepo kapena kuposa. Kwa ntchito zambiri denga limeneli lili kutali, koma kwa mapayiloti median yomwe ili pafupi kuligunda, ndiye ukafuna kuona kuti amene aposa anzawo 75 kapena 90 pa 100 alionse amalandira zingati, umangopeza kachizindikiro kaja. Apa ndiye mean imakhalako ndi ntchito, poti ndi yokhayo imene ikukunong'onezani kuti kuseri kwa dengalo kuli ndalama zambiri. Ine sindigwirizana ndi anthu amene amati mean ndi yachabe. Wa akaunti wa kampani amene akufuna kudziwa kuti mapayiloti 1,000 amudyera zingati pa chaka afunika mean, achulukitse ndi 1,000, median singamuthandize. Bungwe la antchito pokambirana ndi mabwana, aliyense amasankha nambala imene ikumukomera, mabwana amakonda kutchula avereji kuti anthu aziti anthuwa ndi adyera, a bungwe amaloza wa pansi.

Komanso nambala za BLS sizitenga zonse. Ndalama za ovataimu yolipidwa mowonjezera, mabonasi ena, ndi zimene kampani imakuikira ku thumba la penshoni sizilowamo, chonsecho ku makampani akuluakulu kampani imaika 16 peresenti kapena kuposa ya malipiro ako ku thumba limenelo iwe osachotsa kanthu, ndipo Delta imagawa gawo la phindu lake kwa antchito mwezi wa February chaka chikayenda bwino. Ndiye wa pamwamba amapeza zoposa zimene tebulo likunena. Mbali inayi, zonsezi ndi ndalama msonkho usanadulidwe, wa boma lalikulu, wa chigawo m'zigawo zambiri, inshuwalansi ya chipatala, ndipo wachinyamata uja ali ndi ngongole ya sukulu yoyendetsa ndege imene imatha kufika $100,000, imene anaitenga asanayambe n'komwe kusaka maola 1,500 aja, nthawi zambiri pophunzitsa ena pa tindege ta injini imodzi pa malipiro ochepa.

Pali kamsampha kena ka dzina. BLS ili ndi gulu lachiwiri lotchedwa commercial pilots, ndipo munthu ukamva dzinalo umaganiza kuti ndi a ndege zonyamula anthu zija, ayi ndithu, awa ndi oyendetsa ndege za hayala, za ambulansi, zopopera mankhwala m'minda, zozimitsa moto, zojambula malo ndi mahelikopita. Median yawo mu May 2023 inali $113,080, pafupifupi theka la anzawo aja. Ndiye chithunzi chachitatu chikadzabwera pa WhatsApp chonena $113,000 nachonso sichinama, chikungokamba za anthu ena. Ndipo zonsezi ndi za ku America kokha. Boeing 737 imene imatera pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka ndi mtundu womwewo umene umatera ku Atlanta, mabatani omwewo, udindo womwewo, koma amene akuiyendetsa sali mu tebulo la BLS, malipiro ake amapangidwa ndi msika wina, ndalama ina ndi malamulo ena. Kutenga $219,140 n'kuchulukitsa ndi mtengo wa dola kuti uone makwacha ake ndi masewera okoma, tonse timachita, koma sizikuuza kanthu za payiloti wa ku Lilongwe, Lusaka kapena Addis Ababa. A ku Dubai nawo nkhani yawo ndi ina, kumeneko kulibe msonkho wa pa malipiro ndipo nyumba nthawi zambiri imakhala gawo la kontirakiti, ndiye kuyerekeza nambala zouma n'kudzinamiza.

Mphwanga uja nditamufotokozera zonsezi anangofunsa chimodzi, kuti ndiye munthu amakhala zaka zingati pamwamba penipenipo. Funso labwino kuposa loyamba lija. Makwerero amenewa ali ndi pothera, lamulo limati payiloti wa makampani amenewa apume akakwana zaka 65, kale zinali 60 mpaka 2007 pamene anazikweza, ndipo kaputeni akapitirira zaka 40 amayezedwa ndi dokotala miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mtima kapena maso zikangovuta ntchito itha kuthera pomwepo ngakhale nambala yake ya seniority ikhale yokongola bwanji. Amene walowa kampani yaikulu ali ndi zaka 28 ali ndi zaka 37 zokwera, amene walowa ali ndi 45 mwina mpando wa kumanzere wa A350 sadzaulawa n'komwe. Panali maganizo okweza zaka zopumira kufika 67, nyumba ya malamulo ya House inavomereza mu 2023, koma bungwe la ALPA linakana kwamtuwagalu ndipo lamulo la FAA limene linasainidwa mu May 2024 linasiya pa 65 pomwepo. Achinyamata ambiri a pansi pa mndandanda anapumira m'mwamba, chifukwa mdala wa nambala 1 akakhalanso zaka ziwiri pa mpando wake, wa nambala 2 adikira zaka ziwiri, wa nambala 9,000 naye adikira, mzere wonse kuima mpaka kwa mnyamata uja wa $81,000.